Mphika wa Nkhumba ndi Tsabola Wamuwisi: Phunziro la pa Mafua

Pa ziweto zonse za m'midzi ya kum'mawa kwa Zambia palibe cina cimene ciutsa mikangano monga nkhumba. Ku Katete, ku Petauke, ku Sinda ndi ku Chadiza ipezeka pafupi-fupi m'mudzi uli wonse. Ndiyo ilipirira mwana sukulu, ndiyo igula feteleza, ndiyonso iphedwa pa ukwati ndi pa Khirisimasi. Koma ingakhale ithandiza cotero, ena aikana nati njodetsedwa. Ena aidya mobisa, mtima uli kuwatsutsa. Ndipo ena aidya mosasamala, yopsa pamwamba pokha, natenga nayo nthenda. Phunziro ili lilongosola kaphikidwe kamodzi ka nyama imeneyi, kocokera ku dziko lakutali, ndi kufunsanso cimene Mau a Mulungu anena za mphika wotere. Mutu wace ndi uwu: Mkristu ali mfulu kudya nkhumba, koma ufulu wace uyenda womangidwa ndi zingwe ziwiri, ndizo kusamala moyo ndi kukonda mnansi.

1. Kumene ndiwo izi zinacokera

Ku Mexico, dziko la ku America, anthu aphika ndiwo zochedwa chile verde, ndiko kunena tsabola wobiriwira m'cinenero ca ku Spain. Ziphikidwanso ku New Mexico ndi ku Colorado, zigawo za dziko la United States. Ndi nyama ya nkhumba yoduladula, yophikidwa nthawi yaitali mu msuzi wa tsabola wamuwisi, ndipo ku Mexico azidya ndi timikate topyapyala ta ufa wa cimanga, monga anthu a kuno adya ndiwo ndi nsima.

M'mphika umenewu mukomana zinthu ziwiri zimene kale sizinadziwana. Tsabola kwao ndi ku America, ndipo anthu a ku Mexico anayamba kumlima zaka zoposa 6,000 zapitazo. Koma nkhumba yoweta kunalibe. Columbus anafika ku zisumbu za America m'caka ca 1492, ndipo pa ulendo wace waciwiri, m'caka ca 1493, anatengako nkhumba m'zombo zace. Anthu a ku Spain atagonjetsa Mexico m'caka ca 1521, nkhumba zinaswana kumeneko, ndipo amai a dzikolo anayamba kuphika nyama yacilendoyo ndi tsabola wa makolo ao. M'zaka zomwezo zombo za Apwitikizi zinanyamula tsabola ndi cimanga kumka nazo ku magombe a Africa ndi India, ndipo kucokera ku gombe mbeuzo zinalowa pang'ono-pang'ono m'kati mwa dziko, kufikira zinasanduka zakudya za masiku onse.

Cotero nkhalamba imene iyesa cimanga, matimati, nsawawa, cinangwa ndi tsabola zakudya za makolo, inena zoona. Koma zonsezi zinayamba zakhala alendo ocokera ku America. Mulungu anagawira dziko liri lonse mphatso zace, kuti mitundu ya anthu ipatsane. Mai wa kuno akaphika ndiwo za ku Mexico sacita cacilendo ceni-ceni, pakuti zipangizo zace zambiri ziri kale m'dimba mwace.

2. Kodi nkololedwa kwa Mkristu?

Cikumbumtima ciyenera kuyankhidwa mphika usanaikidwe pamoto. Nzoona kuti m'cilamulo ca Mose nkhumba inaletsedwa. Pa Levitiko 11 ndi pa Deuteronomo 14 iwerengedwa pamodzi ndi ngamila, mbira ndi kalulu, monga nyama zosayenera kudyedwa ndi ana a Israyeli. M'mutu womwewo wa Levitiko aletsanso mbewa, nsomba zopanda mamba monga mlamba, ndi touluka tambiri monga inswa, ngakhale dzombe ndi ziwala zinaloledwa. Munthu wokana nkhumba cifukwa ca Mose azindikire kuti lamulolo silima pa nkhumba yokha. Malamulo amenewa anali ngati mpanda wolekanitsa Israyeli ndi mitundu yopembedza mafano, kufikira akadza Mpulumutsi wa mitundu yonse.

Atadza Iye, anaphunzitsa pa Marko 7 kuti cakudya sicingathe kudetsa munthu pamaso pa Mulungu, popeza cilowa m'mimba, sicilowa mumtima. Zodetsa munthu ndizo umbombo, cinyengo, cigololo ndi kudzikuza, zimene zituruka m'kati mwace. Pa Macitidwe 10 Petro ali pa tsindwi la nyumba ku Yopa anaona masomphenya a nyama za mitundu-mitundu, nauzidwa katatu kuti asanyoze zimene Mulungu waziyeretsa. Tanthauzo lace lalikuru linali la anthu, pakuti m'mawa mwace ananyamuka kukalowa m'nyumba ya Korneliyo, munthu wa mtundu wina, nakhala naye masiku. Ndipo atumwi ndi akuru atasonkhana ku Yerusalemu, monga kulembedwa pa Macitidwe 15, sanasenzetsa Akristu a mitundu goli lonse la Mose. Pa zinthu zowerengeka zimene anawaletsa, nkhumba palibe. Paulonso analangiza Timoteo kuti zolengedwa za Mulungu zilandiridwe ndi ciyamiko.

Cifukwa cace wakudya nkhumba asadye mobisa monga wakuba. Koma asayesenso kuti popeza nyamayo siidetsa mtima, siingabvulaze thupi. Apa ndipo pali ngozi imene yalowa m'nyumba zambiri.

3. Za masese

Ali yense amene anaphapo nkhumba ya kumudzi adziwa timatuza toyera, tonga mpunga kapena nyemba zazing'ono, timene nthawi zina tipezeka m'mnofu, makamaka pa lilime, m'masaya, pa mtima ndi m'miyendo. Anthu a kuno aticha masese. Ena ayesa kuti nkhumba iwatenga pakudya masese a mowa kapena gaga. Koma si kutero ai. Kathuza kali konse ndi mwana wa njoka ya m'mimba, ndipo ulendo wace uyenda motere.

Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, kathuzako kamatirira m'matumbo mwace, ndipo pakupita miyezi 2 kapena 3 kasanduka njoka yaphanthiphanthi ngati luzi, yotalika mamita 2 kapena 3, ngakhale kuposa. Munthuyo kawiri-kawiri samva kudwala, koma tsiku ndi tsiku ataya mazira osawerengeka pamodzi ndi cimbudzi cace, mazira ang'ono osaoneka ndi maso. Akadzithandiza kuchire, nkhumba yoyendayenda idya zonyansazo, mazira aja nasanduka masese m'thupi mwace. Motero nthenda icoka kwa munthu kumka kwa nkhumba, ndi kubweranso kwa munthu.

Coopsa coposa ndi ici. Mazira omwewo akhoza kumezedwa ndi munthu, kudzera m'manja osasamba, m'madzi a pa citsime cosasamalika, kapena m'ndiwo zamasamba zosatsuka. Pamenepo masese aja amera m'thupi la munthu monga amera m'nkhumba, ndipo akamera mu ubongo munthuyo ayamba kumva mutu wosaleka ndi kugwa khunyu. Bungwe la World Health Organization linena kuti m'madera ambiri m'mene anthu akhala pamodzi ndi nkhumba zoyendayenda, pa odwala khunyu 10 ali onse, 3 adwala cifukwa ca njoka imeneyi. Bvutoli lidziwika ku Mexico komwe, monga lidziwika kuno.

Akuru amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkuru; koma pa nkhani iyi mwambiwo utembenuka. Bambo adya kanyenya wosapsa ku mowa, ndipo pakupita zaka mwana wace, amene sanalaweko nyamayo, agwa pa moto ndi khunyu. Ngakhale mnansi wosadya nkhumba konse akhoza kudwala cifukwa ca ube wa pa khomo la mnzace. Pamenepo abale athamangira kwa woombeza, nanamizira nkhalamba yosacimwa kuti ndiyo mfiti. Khunyu yotere si ufiti, ndipo munthu saitenga pakugwira wodwala. Wakugwa acotsedwe pafupi ndi moto ndi madzi, nagonekedwe cam'mbali, ndipo atengeredwe ku cipatala, kumene kuli mankhwala a khunyu ndi a njoka za m'mimba omwe.

Njira ya nthendayi itsekedwa ndi zinthu zinai: khola, cimbudzi, sopo ndi moto. Walira mvula walira matope. Wofuna phindu la nkhumba aimangire khola. Za cimbudzi Mose yemweyo analamulira pa Deuteronomo 23 kuti Aisrayeli akumbe ndi kufotsera zonyansa zao, cifukwa Mulungu ayenda pakati pa misasa yao. Bambo wocita manyazi kulowa cimbudzi cimodzi ndi apongozi ace asathawire kuchire, koma akumbe caciwiri. Ndipo nyama yooneka masese isadyedwe kapena kugulitsidwa. Itenthedwe kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda ogulitsa osauka mungu wa tirigu; nanga wogulitsa nyama ya masese pa mtengo wotsika, atacotsako lilime kuti asaonekere, adzayankha ciani? Lamulo loletsa kupha liletsanso kuika moyo wa mnansi pangozi cifukwa ca ndalama.

4. Kaphikidwe kace

Cinthu cacinai, ndico moto, ciri m'manja mwa wophika. Nyama ikhoza kukhala ndi masese owerengeka obisika m'kati, amene diso silinaone. Mcere wowaza pamwamba suwapha, tsabola sawapha, mowa suwapha. Awapha ndi moto wofika pakati peni-peni pa nthuli. Odziwa za umoyo alangiza kuti nyama itenthe kufikira madigiri 70 m'kati mwace, ndipo msuzi wobwadamuka upitirira pamenepo. Nco cifukwa cace ndiwo zophika nthawi yaitali, monga izi, ziposa kanyenya wa pa msika.

Za banja la anthu 6 kapena 8 zifunika izi: kilogramu 1 ya nyama ya mwendo wakutsogolo, yokhala ndi mafuta pang'ono, tsabola wamkuru wobiriwira wosawawa 6, tsabola wamng'ono wowawa wosapsa 2 kapena 3, matimati osapsa 6, anyezi 2, timagawo 4 ta adyo, mbatatesi 4, ndimu 1, mcere ndi madzi. Ku Mexico m'malo mwa matimati aikamo cipatso cobiriwira cochedwa tomatillo, cimene cikhala m'kathumba ngati jamu, pakuti ndi mbale wace wa jamu. Matimati osapsa pamodzi ndi ndimu apereka kuwawasa kofanana nako.

Poyamba mai aoce tsabola yense pa makala a mbaula kapena pa mafua, namtembenuza-tembenuza kufikira khungu lace litacita matuza ndi kuda. Amuike m'mbale nabvundikire mphindi 10 kapena 15, kuti nthunzi ilekanitse khungu ndi mnofu. Atatero asende khungulo ndi zala, nacotse njere ndi phesi. Asatsuke tsabolayo m'madzi, pakuti kukoma kwa utsi kungacoke. Aocenso matimati pang'ono kuti afewe. Zonsezi azisinje mu mtondo woyera pamodzi ndi adyo, kufikira zitakhala ngati phala lobiriwira. Kuocha kumeneku ndiko mwini wace wa ndiwozi. Ku New Mexico, pa miyezi ya August ndi September, aocha tsabola m'migolo yozungulira pa misika, ndipo anthu a kumeneko akonda fungo lace kotero kuti m'caka ca 2023 analiika m'lamulo likhale cizindikiro ca cigawo cao.

Kaciwiri adule nyama nthuli zazing'ono zolingana, zonga dzira la nkhunda, pakuti nthuli yaikuru ipsa kunja ndi kutsala yaiwisi m'kati. Podula apenyetsetse nthuli iri yonse pa kuwala, osati m'cizimezime. Atatha atsuke mpeni, thabwa ndi manja ndi sopo, asanagwire cakudya cina.

Kacitatu aike zamafuta zokha mu mphika wouma pa moto wocepa, kuti zisungunuke. Motero safunanso mafuta a ku sitolo. M'mafuta amenewo akazinge nthuli zowerengeka pa nthawi imodzi, kufikira zitafiira mbali zonse, naziike pambali. Akathira nyama yonse pamodzi ituruka madzi, niphikika m'malo mwa kukazingika. Pambuyo pace akazinge anyezi m'mafuta otsalawo.

Kacinai abwezere nyama mu mphika, nathire phala lija la tsabola, mcere pang'ono, ndi madzi ongomiza nyama. Ukabwadamuka, aphule nkhuni zina, nabvundikire, kuti uziwira pang'ono-pang'ono ola limodzi ndi theka kapena maora 2. Abvundule kamodzi-kamodzi ndi kuonjeza madzi otentha akacepa. Kutatsala theka la ola aikemo mbatatesi zoduladula. Moto waukali uumitsa nyama. Koma moto wofatsa usungunula mitsempha yolimba ija, ndiyo imene ikometsa msuzi ndi kuulimbitsa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mai wofuna ndiwo izi madzulo aziteleke dzuwa likali pamutu.

Cizindikiro cakuti zapsa ndi ici: nthuli yaikuru koposa ikapanikizidwa ndi mthiko iphwanyika yokha, ndipo m'kati mwace mulibe kufiira kapena mwazi. Pamenepo alawe mcere, nafinyiremo ndimu, naphule. Zidyedwe zikali zamoto, ndi nsima kapena mpunga, ndi ndiwo zamasamba pambali. Onse asambe m'manja ndi sopo ndi madzi othira, osati m'mbale imodzi yoyambira kwa bambo ndi kutsirizira kwa mwana. Zotsala zibvundikiridwe kuopa nchenche, ndipo zisadyedwe zisanabwadamukenso pamoto.

5. Muyeso wa tsabola

Ukali wa tsabola sukhala kwambiri m'njere, monga ayesa ambiri, koma m'timinofu toyera ta m'kati timene njerezo zimerapo. Wocotsa timeneto acepetsa ukali, natsala ndi fungo. Cinthu cowawaco sicisungunuka m'madzi koma m'mafuta. Cifukwa cace wopsa m'kamwa sathandizidwa ndi madzi ambiri, koma ndi mkaka kapena mbamu ya nsima. Wosenda tsabola asagwire m'maso mwace kapena nkhope ya khanda kufikira atasamba bwino ndi sopo. Mbalame sizimva ukali umenewu. Zidya zipatsozo ndi kufesa njere kutali, ndipo ndimo tsabola amera yekha kuseri kwa nyumba ndi pa dzala. Umo ndi m'mene Mlengi anakonzera kambeu kakang'ono njira yace.

M'nyumba muli ana, okalamba ndi odwala zironda za m'mimba. Mphika ndi umodzi, koma malilime ndi osiyana. Mai wanzeru aphika msuzi ndi tsabola wosawawa yekha, nasinja wowawayo padera m'kambale, kuti wofuna adziikire mwini. Ndiwo zikawawa zosabwezeka. Mbatatesi zoonjeza zithandiza pang'ono pokha. Bambo amene alamulira kuti mphika wonse ukhale monga akonda iye, ana nagona ndi nsima yosatsira, sanaphunzire kukhala mutu wa banja monga Kristu ali mutu wa Eklesia.

6. Mlendo wosadya nkhumba

Cingwe caciwiri ndico cikondi. M'midzi ndi m'matauni a dziko lino muli Asilamu, amene cipembedzo cao ciletsa nkhumba. Muli Akristu a mpingo wa Sabata ndi a mipingo yina, amene asunga malamulo a zakudya ndi mtima woona. Mulinso ena amene thupi lao liikana. Kawiri-kawiri anthu otere ali a banja limodzi ndi wophikayo: mlamu, mpongozi kapena mdzukulu.

Mpingo wa ku Roma unali ndi bvuto lomweli, ndipo Paulo anaulembera pa Aroma 14. Sanalamulira kuti onse adye, kapena kuti onse aleke. Analetsa wakudya kupeputsa wosadya, naletsanso wosadya kuweruza wakudya, popeza onse awiri ali akapolo a Mbuye mmodzi. Anaonjeza kuti munthu wakudya cinthu mtima wace uli kukayika acimwa, ndi kuti wokakamiza mbale wace kutero aononga nchito ya Mulungu cifukwa ca ndiwo. Kwa Akorinto ananena kuti iye mwini akadalola kuleka nyama masiku ace onse koposa kukhumudwitsa mbale.

Pa nyumba ya Mkristu ciphunzitso ici cioneka m'zinthu zazing'ono. Mlendo auzidwe poyera ndiwo zimene ziri m'mbale. Kumnyenga kuti ndi mbuzi, ndi kuseka atatha kudya, ndiko bodza ndi cipongwe pamodzi. Pa ukwati, pa maliro ndi pa misonkhano ya mpingo pakhale mphika wina wa nkhuku kapena nyemba, wokhala ndi mthiko wace ndi cipande cace, wosakhudzana ndi mafuta a nkhumba. Ndipo ngati mphika uli umodzi wokha, nkhumba idikire tsiku lina. Mlendo ndi mame, sakhalitsa. Buku la Miyambo liyamika ndiwo zamasamba zodyera m'cikondi koposa ng'ombe yonenepa yodyera m'cidani. Msilamu amene aona kuti mnansi wace Mkristu wamtsukira mphika ndi kumphera nkhuku, wamva ulaliki umene sadzaiwala msanga.

Tsono nyumba imene ifuna kudya ndiwo izi ndi mtendere iyambe ndi khola ndi cimbudzi, ipenyetsetse nyama, ifatse pa moto, ikumbukire mwana ndi mlendo. Ndipo pamenepo mwini nyumba akhoza kuweramitsa mutu ndi kuyamika Mulungu ndi mtima wosatsutsika.

Mafunso a pa msonkhano wa amai ndi wa madoda

1. Kodi malamulo a zakudya a pa Levitiko 11 anapatsidwa kwa yani, ndipo anali ndi nchito yanji?

2. Masese alowa bwanji m'nkhumba, ndipo mwana wosadya nkhumba angadwale bwanji khunyu?

3. M'mudzi muno nyumba zingati ziribe cimbudzi, ndipo mpingo ungathandize bwanji amasiye ndi okalamba osakhoza kukumba okha?

4. Mkristu akapha nkhumba napeza masese, atataya kale ndalama zambiri poiweta, acite ciani?

5. Pa phwando lapitalo la mpingo, kodi wosadya nkhumba anapeza mphika wace?